Zopereka za opaleshoni ya msana: kalata ya dotolo iyambe, mbale itsate

Pa Sondo, mapemphero akatsala pang'ono kutha, mlembi wa mpingo amaima ndi pepala la zilengezo. Pakati pa za maukwati, ubatizo ndi misonkhano ya amai, nthawi zina pamamveka cilengezo colemera: m'bale wathu ali gone m'cipatala ku Lusaka, madotolo akuti afunika opaleshoni ya msana, ndipo banja lipempha thandizo. M'chalichi mumangoti zii. Kenaka mbale imayenda kaciwiri, amai amamasula mfundo za zitenje, abambo amapisa m'matumba.

Anthu a ku Kafue saumira pa nkhani zotere. Kaya ndi ku Shikoswe, ku Zambia Compound, ku Estates, ku Nangongwe kapena ku midzi ya ku Mungu ndi ku Chanyanya, tonse tidziwa kuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Koma mtima wabwino pawokha sukwanira. Zopereka zambiri zimathera panjira, zina cifukwa zinayamba anthu asanadziwe bwino comwe dotolo wanena, zina cifukwa panalibe buku, zina cifukwa ndalama inatha tsiku la opaleshoni pomwe wodwala anali ndi ulendo wautali kutsogolo. Wovutika pa zonsezi ndi uja ali gone, amene miyendo yace ikutha mphamvu tsiku ndi tsiku.

Msana ndi ciyani, nanga umadwala bwanji?

Msana wa munthu ndi timafupa 33 tosanjikizana kucokera m'khosi mpaka m'ciuno. Pakati pa timafupati pali timaphata tofewa tothandiza kuti munthu awerame ndi kutembenuka. M'kati mwace mudutsa mtsempha waukulu wocokera ku ubongo, umene umanyamula mauthenga kupita ku manja, ku miyendo, ku cikhodzodzo ndi ku matumbo. Mtsemphawu ukapanikizika, miyendo imacita dzanzi ndi kufooka. Ukamasulidwa msanga, mphamvu ikhoza kubwerera. Koma ukaduka, kapena ukakhala wopanikizika nthawi yaitali, kawirikawiri subwereranso mwakale ngakhale apite kwa dotolo wodziwa bwanji.

Njira zobweretsa vutoli kuno kwathu n'zodziwika. Yoyamba ndi ngozi. Msewu wocokera ku Lusaka kudzera m'tauni yathu ndi womwe umanyamula mathiraki opita ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndipo pa msewu womwewo payenda maminibasi, njinga ndi anthu a pansi. Kumidzi, anthu amagwa mu mtengo wa mango, pa denga la nyumba kapena pa ngolo ng'ombe zikadzidzimuka. Munthu wotere akamadandaula khosi kapena msana, musamunyamule wina kumiyendo wina kumanja, ndipo musamukhazike tsonga. Mugonekeni pa citseko kapena pa thabwa, wina agwire mutu kuti usagwedezeke. Ena amapuwala osati pa ngozi peni peni, koma ponyamulidwa ndi anthu ofuna kuthandiza.

Yaciwiri ndi TB ya mafupa. Ambiri aganiza kuti TB ndi cifuwa cabe, koma kacilombo kace kamalowanso mu msana n'kumadya mafupa pang'onopang'ono. Munthu amamva msana kwa miyezi, amaonda, amacita thukuta usiku, ndipo pambuyo pace pamatuluka linunda. Yacitatu ndi kaphata kofewa kaja kakatuluka m'malo mwace n'kukanikiza mtsempha, vuto lofala kwa alimi, onyamula matumba ndi oyendetsa magalimoto a ulendo wautali. Palinso ana obadwa ndi cotupa kapena bala pa msana, ana amene msana wao umapindika akamakula, ndiponso khansa imene yafalikira ku mafupa.

Si onse ofunika mpeni

Apa ndi pamene mipingo ifunika kudekha. Anthu ambiri odwala msana amacira popanda opaleshoni. Wa kaphata kotuluka nthawi zambiri amapeza bwino patapita milungu ingapo ndi mankhwala ndiponso masewera olimbitsa thupi amene acipatala amati fizio. Wa TB ya msana, mankhwala ace enieni ndi mapilisi a TB, amene amaperekedwa mwaulere m'zipatala za Boma, kungoti amamwedwa nthawi yaitali kuposa a TB ya m'mapapo. Opaleshoni imabwera ngati mafupa aphwanyika kwambiri kapena miyendo ikupitiriza kufooka.

Koma pali zizindikiro zosafuna kudikira komiti ina iriyonse. Munthu akayamba kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi cimbudzi zikungocoka osadziwa, akacita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, kapena miyendo ikafooka mwadzidzidzi, apite ku cipatala tsiku lomwelo. Wotere musamusunge panyumba poti tidikire zopereka za Sondo. Musamutayitsenso nthawi ndi mphini kapena kumupsinya msana. Mapemphero apitirire, koma apitirire iye ali pa bedi ya m'cipatala.

Ndiye cifukwa cace tikuti kalata ya dotolo iyambe. Mpingo usanalengeze, atsogoleri awiri kapena atatu akhale pansi ndi banja, ndipo banja likavomera, aone zolemba za ku cipatala. Afunse kuti matenda ace ndi ati, opaleshoni idzacitikira cipatala citi, ifunika liti, ndipo ndalama yochulidwayo ndi ya ciyani. Cipatala cikhoza kulemba mtengo wa zofunika pa pepala lokhala ndi cidindo. Popanda pepala limenelo, anthu amangoponya ciwerengero, wina akuti zikwi makumi asanu, wina akuti zikwi mazana awiri, ndipo opereka amayamba kukayika. Kufunsa kotere sikunyoza banja. Ndi kuliteteza ku miseche ya mawa.

N'cifukwa ciyani mtengo umakwera?

Coyamba ndi kupima. Ekiselo wamba imaonetsa mafupa, koma kuti dotolo aone mtsempha weniweni pafunika makina a MRI kapena CT, amene sapezeka m'makiliniki, ndipo kawirikawiri wodwala amatumizidwa ku Lusaka. Caciwiri ndi zitsulo. Pa opaleshoni zambiri za msana, madotolo amamanga mafupa ndi misomali ndi timipiringidzo ta citsulo capadera cochedwa titanium. Zimenezi zimacokera kunja, ndiye dola ikakwera, nazonso zimakwera. Cacitatu, madotolo odziwa nchito imeneyi ndi ocepa m'dziko lathu, ndipo ambiri ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt.

Palinso ndalama imene sioneka pa pepala la cipatala. Kucokera ku Kafue kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45, koma munthu wosakhoza kukhala tsonga sangakwere minibasi, afunika galimoto yakeyake. Wodwazika afunika kudya, kugula sopo, matewera a akulu ndi mankhwala ena akasowa. Kunyumba nako kwatsala ana a sukulu ndi munda wosapalira. Ngati nkhani ndi yopita ku India, kumene odwala ambiri a kuno amapita, onjezani pasipoti, viza, matikiti a ndeke a anthu awiri ndi malo ogona kwa milungu ingapo.

Kale, pamene Kafue Textiles inali kugwira nchito ndipo Nitrogen Chemicals inali ndi anchito ambiri, mabanja ambiri m'tauni muno anali ndi malipiro a pamwezi ndi pokabwereka zinthu zikavuta. Fakitale ya nsalu ija inatsekedwa m'zaka za m'ma 2000, ndipo masiku ano ambiri adalira ulimi, nsomba, malonda a pamsika ndi maganyu. Kwa banja lotere, opaleshoni ya msana imatanthauza kugulitsa ng'ombe, puloti kapena bwato, zinthu zomwe zikanawadyetsa wodwala akabwerako.

Makomo ofunika kugogoda coyamba

Musanapemphe kwa anthu, tsatirani njira ya Boma. Kuyambira ku kiliniki, wodwala amatumizidwa ku Kafue General Hospital, ndipo kumeneko ndi kumene amalemba kalata yopita ku zipatala zazikulu monga UTH kapena Levy Mwanawasa ku Lusaka. Kalata imeneyi ndi yamtengo wapatali, isungeni mu pulasitiki pamodzi ndi zithunzi zonse za ekiselo. Ngati vuto ndi khansa, kuli Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007. M'zipatala zazikulu muli ofesi ya anchito oona za umoyo wa anthu osowa. Pitaniko mukafotokoze za banja lanu mosabisa.

Kwa ana, funsani za Beit CURE Hospital ku Lusaka, cipatala ca Cikhristu cimene cinatsegulidwa mu 2006 ndipo cimathandiza ana olumala mafupa ndi ziwalo. Mu Lusaka momwemo muli cipatala ca mafupa ca mpingo wa Katolika cimene ambiri amacidziwa ndi dzina la Italian Hospital. Si matenda onse amene zipatala zimenezi zingathe, koma kumva maganizo a dotolo waciwiri musanagulitse ng'ombe ndi nzeru.

Funsaninso za inshuwalansi ya NHIMA. Lamulo lace linakhazikitsidwa mu 2018 ndipo nchito inayamba mu 2019. Wolembedwa nchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, bwana wace naye amaonjezera 1 peresenti. Alimi, asodzi ndi a malonda nawonso akhoza kulembetsa paokha. Inshuwalansi siilipira zonse, ndiye funsani bwino zimene ilipira ndi zimene siilipira, kuti mpingo usonkhe zotsalazo cabe. Ndipo nthawi yabwino yolembetsa ndi pamene muli bwino.

Za kupita kunja, Unduna wa Zaumoyo uli ndi njira yace younikira odwala amene madotolo akuluakulu aona kuti sangathandizike kuno. Yambani ndi dotolo wanu wa ku cipatala cacikulu. Cenjerani ndi anthu apakati amene amalonjeza kucira kwathunthu pa lamya atangoona cithunzi, n'kumafuna ndalama yoyamba itumizidwe kwa iwo.

Kusonkha kopanda manong'onong'o

Zikatsimikizika kuti ndalama ifunikadi, pakhale kakomiti kakang'ono: wapampando, mlembi ndi msungicuma, kuonjezapo mmodzi wa kubanja. Atatu oyambawo asakhale a nyumba imodzi. Ansembe, abusa kapena mkulu wa mpingo akhale woyang'anira, koma asakhale wosunga ndalama m'thumba mwace. Mtumwi Paulo, posonkhanitsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, anafuna kuti mphatsoyo iperekezedwe ndi abale osankhidwa ndi mipingo, kuopa kuti wina angamuneneze. Ngati Paulo anafuna mboni, ife ndife yani?

Ndalama iriyonse ilowe m'buku: tsiku, dzina kapena mphakati, ndi kuculuka kwace. Wosafuna kuchulidwa alembedwe kuti wakufuna kwabwino, koma ndalama yace ioneke. Za m'mbale ziwerengedwe ndi anthu awiri pamaso pa anzao, ndipo asaine onse. Sondo iriyonse alengeze zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zimene zatsala kuti cikwane. Anthu akamva kuti tafika pakati, amalimba mtima n'kuperekanso. Akangomva pempho lokhalokha popanda lipoti, manja amabwerera m'matumba.

Masiku ano ambiri amatumiza pa foni, pa Airtel Money kapena MTN MoMo, makamaka ana athu a ku Lusaka, ku Copperbelt, ku South Africa ndi ku UK. Sankhani nambala imodzi yokha, lengezani nambalayo pamodzi ndi dzina limene lidzaoneka potumiza. Wotumiza aone dzinalo asanalembe nambala yace yacinsinsi. Akuba amatenga cithunzi ca wodwala weniweni n'kuikapo nambala yao, kapena kutumiza uthenga wakuti nambala yasintha. Ndalama ikacuruka, isakhale pa foni ya munthu mmodzi. Ipite ku akaunti ya ku banki yofuna anthu awiri kusaina.

Polipira, komiti ilipire cipatala mwacindunji ndi kutenga lisiti. Banja lipatsidwe ya mayendedwe ndi cakudya pang'onopang'ono, molemba. Izi zimathandiza banja lenilenilo, cifukwa ndalama ikafika m'nyumba yosauka imapeza mavuto ambiri akuidikira: lendi, ngongole, fizi ya mwana, maliro a kumudzi. Onsewo ndi mavuto enieni, koma opereka anapereka za msana.

Pali mafunso awiri amene anthu amaopa kukamba, koma afunika kuyankhidwa pa msonkhano woyamba. Ndalama ikatsala, idzapita kuti? Nanga wodwala akatisiya opaleshoni isanacitike, idzagwira nchito yanji? Mukagwirizana poyamba n'kulemba, palibe adzaloza mnzace cala pamaliro.

Mlimi apereke cimene ali naco

Mlimi sakhala ndi ndalama mwezi uliwonse. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndalama yapita ku feteleza ndi ku sukulu, ndipo nkhokwe yatsika. Koma pa nthawi yokolola, kuyambira Meyi mpaka Julayi, akhoza kupereka thumba. Tiyerekeze kuti mabanja 150 apereka thumba limodzi limodzi la makilogramu 50. Pa mtengo wa K330 umene FRA inagulira mu 2024, imeneyo ndi K49,500. Wosakwanitsa thumba abweretse tini, nkhuku, mtolo wa repu kapena nsomba zouma, komiti igulitse pakhomo pa chalichi. Anyamata akhoza kukonza mpira, makwaya kukonza tsiku la nyimbo lolipira pakhomo, amai a Cigwirizano, a Dorika ndi a magulu ena kuphika zogulitsa.

Thandizo lina silofuna ndalama. Opaleshoni yaikulu imafuna magazi, ndipo magazi sagulidwa, amacokera kwa anthu opereka mwaufulu kudzera ku Zambia National Blood Transfusion Service. Mpingo ukhoza kuitana a magazi tsiku limodzi. Mphakati ukhoza kukalima ndi kupalira munda wa wodwala kuti banja lisagwe m'njala caka camawa. Wokhala ndi galimoto apereke ulendo umodzi. Wokhala ndi m'bale pafupi ndi cipatala ku Lusaka apemphe malo ogona a wodwazika.

Ku banja tikuti, musathamangire kaloba. Ngongole yobereka mwezi ndi mwezi imadya puloti ndi ng'ombe msanga kuposa matenda. Ngati kugulitsa ciweto kuli kosapeweka, siyaniko ng'ombe zolimira.

Ulemu wa wodwala

Kudwala sikucotsa ulemu. Musajambule munthu ali wosavala kapena kuonetsa zilonda zace kuti anthu amve cisoni. Musalengeze matenda ena amene iye sanafune kuti adziwike. Ngati ndi mwana, makolo avomereze coyamba, ndipo ganizirani kuti mwanayo adzakula n'kudzapeza zithunzizo. Musamuyendetse m'misika ndi m'masiteshoni ngati cionetsero, kugwedezeka kumeneko kukhoza kuonjezera vuto. Ndipo wopereka asasanduke mwini wa wodwala. Mukapereka mwapereka, banja lisamakugwadireni moyo wonse.

Tisalonjezenso zimene dotolo sanalonjeze. Opaleshoni ina imacitika kuti munthu ayendenso, ina kuti ululu ucepe, ina kuti msana ulimbe akhoze kukhala pa njinga ya olumala. Zonsezi n'zaphindu. Anthu akauzidwa zoona poyamba, sadzanena kuti ndalama yao inapita pacabe akaona m'bale wao wabwera pa njinga.

Akatuluka m'cipatala

Apa ndi pamene zopereka zambiri zimafera. Wodwala wabwera, anthu aimba nyimbo, komiti yatha. Koma nchito yeniyeni ndiye yayamba. Afunika fizio kwa miyezi, kubwerera ku Lusaka kukaonedwa, ndodo kapena njinga, matilesi abwino, ndipo ena afunika kapaipi ka mkodzo kosinthidwa nthawi ndi nthawi. Wosakhoza kutembenuka yekha afunika kutembenuzidwa pa maola awiri alionse, usana ndi usiku, cifukwa zilonda za pogona ndi matenda a m'cikhodzodzo ndizo zimapha anthu ambiri opuwala msana. Mai mmodzi kapena mwana wa sukulu sangathe zimenezi yekha.

Conco polemba ndalama yofunika, ikani padera gawo la pambuyo pa opaleshoni, ndipo komiti isathe mpaka patapita miyezi isanu ndi umodzi. Mphakati ugawane masiku ocezera ndi kupumuza wodwazika. Anyamata akonze khomo ndi cimbudzi kuti njinga ilowe. Amene wakhala wolumala alembetsedwe ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, ndipo banja lifunse ku ofesi ya Social Welfare za thandizo la Social Cash Transfer, limene limaganiziranso mabanja okhala ndi munthu wolumala kwambiri.

Tisadikire tsoka

Mipingo yambiri iri ndi thumba la maliro, ndipo limayenda bwino. Bokosi, nkhuni, ufa ndi thiraki zimapezeka tsiku limodzi. Nanga bwanji thumba la odwala, lothandiza munthu akali moyo? Akhristu 300 atamapereka K10 pa mwezi, pa caka pakhala K36,000. Imeneyi siingalipire opaleshoni yaikulu, koma ikhoza kulipira galimoto ndi kupima pa mlungu woyamba, nthawi imene mtsempha ukali ndi mwai. Nzeru imeneyi si yacilendo. Amai a cilimba amaidziwa, ndipo magulu osunga ndi kubwereketsana a SILC, amene anafalitsidwa ndi Catholic Relief Services, amakhala ndi kathumba kapadera ka mavuto.

Kupewa nako kuli m'manja mwathu. Msana wopweteka kwa milungu yambiri pamodzi ndi kuonda ukapimidwe TB msanga. Amai ofuna kukhala ndi pakati afunse ku kiliniki za mapilisi a folic acid, amene amacepetsa ngozi yakuti mwana abadwe ndi bala pa msana ngati ayamba kumwedwa pakati pasanakhale ndi m'miyezi yoyamba. Ana asakwere pamwamba pa katundu m'ngolo.

Mutu umodzi susenza denga, koma anthu osenza denga amayamba apangana kolowera. Atsogoleri a maparishi, a mipingo yonse, a makopaletivu ndi mafumu a m'boma la Kafue, ikani nkhaniyi pa msonkhano wanu wotsatira, pasanabwere pempho lina. Sankhani anthu, gulani buku, gwirizanani malamulo. Tsiku limene mmodzi wa ife adzalephera kuimirira, adzapeze abale ace ali okonzeka.